Musawaseke asayansi ozunguza kaulusi ndi kuwala

Mukamva kuti kuli asayansi amene amatha zaka akugwira kaulusi ka pulasitiki ndi kuwala kwa laser n'kumakazunguza, mwina munganene kuti n'kumwaza ndalama chabe, chikhalirecho zipatala zathu zikusowa mankhwala. Dandaulo lanu ndi lomveka, koma musafulumire kuweruza.

Kuwala kumakankha zinthu. Mphamvuyo ndi yochepa moti inu simungaimve, koma kwa kanthu kochepetsetsa kuposa tsitsi ndi yaikulu ndithu. Mu 1986, Arthur Ashkin ndi anzake a ku Bell Labs ku America anaonetsa kuti laser ikaunjikidwa pamalo amodzi ndi galasi la maikulosikopu, kanthu koonekera mkati kamakokeredwa pomwe kuwalako kwachuluka, n'kugwidwa ngati kali pa chopanira.

Kaulusi ka pulasitiki kakagwidwa motere kamakonda kuima motsata njira ya kuwalako. Asayansi akagwiritsa ntchito kuwala koyenda mopota, kuwalako kumakapatsira mphamvu yozungulira, ndipo kamazungulira m'madzi popanda dzanja kukakhudza. Liwiro lake limasonyeza kukhuthala kwa madziwo, ndipo kangathe kukhala kamthiko kovundulira kadontho kosaoneka ndi maso.

Nanga inu zikukukhudzani bwanji? Chopanira cha kuwala chomwechi chagwiritsidwa ntchito kukoka maselo ofiira a magazi, limodzilimodzi. Selo lathanzi limapindika kuti lidutse m'timitsempha ting'onoting'ono. Koma likalowedwa ndi Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo, limauma, ndipo ofufuza anatha kuyeza kuumako. Ichi ndi chimodzi mwa zimene zimachititsa kuti magazi asamayende bwino mwa mwana wodwala malungo aakulu.

Ashkin poyamba sankaganiza za malungo. Ankangofuna kudziwa ngati kuwala kungasunthe kanthu. Mu 1987 anagwira mabakiteriya amoyo osawapha, ndipo mu 2018, ali ndi zaka 96, analandira mphoto ya Nobel.

N'zoona kuti si kafukufuku aliyense amene amabala zipatso, ndipo mankhwala a lero sangadikire. Komabe dziko limene limangogula zida zopangidwa kale lidzakhala likudikira mayankho a ena mpaka kalekale. Choncho nthawi yogawa ndalama za boma ikafika, funsani phungu wanu kuti mayunivesite athu apatsidwa zingati zochitira kafukufuku.