Kuchapa pa Nthawi ya Tsoka

Owerenga ena adzadabwa poona kuti mwezi uno tikulemba za kuchapa zovala. Adzati, kodi alipo Mmalawi wosadziwa kuchapa? N'zoona kuti makina ochapira ali m'nyumba zowerengeka, ndipo ambirife timadalira manja, beseni ndi mwala. Koma kuchapa pamene mpopi ukutulutsa madzi ndipo sopo alipo ndi kwina. Kuchapa pamene zonsezi zasowa ndi kwinanso. Ana athu ambiri, makamaka a m'tauni, amadziwa koyambako kokha, ndipo anyamata ena sadziwa ngakhale komweko.

Tikumbutsane zimene zidatigwera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo magetsi adavuta kwa nthawi yoposa chaka. Wina angafunse kuti magetsi akukhudzana bwanji ndi kuchapa kwa manja. Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry, motero magetsi akazima nthawi yaitali mpopi nawonso umauma. Mu Malichi 2023 kudafika namondwe wa Freddy, amene adasamutsa anthu oposa theka la miliyoni. Ambiri adagona m'makalasi ndi m'matchalitchi, ena ali ndi chovala chokhacho chimene adathawa nacho, chamatope. Apo n'kuti mliri wa kolera, umene udayamba m'chaka cha 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700, usanathe.

Pa nthawi yotere funso loyamba ndi la malo ochapira. Munthu akadwala kolera, achibale mwa chikondi amatenga zofunda zake kukachapa kumtsinje kapena pambali pa chitsime, osazindikira kuti akugawira mudzi wonse matendawo. Zovala za wodwala ziyenera kuwiritsidwa m'madzi obwadamuka kwa mphindi 5, kapena kunyikidwa m'madzi a klorini monga mwa muyeso umene alangizi a zaumoyo amapereka. Pambuyo pake ndiye zichapidwe, pazokha. Madzi ake atayidwe m'chimbudzi kapena m'dzenje lokwirira, kutali ndi potunga. Matewera a ana nawonso achapidwe paokha chomwecho, pakuti chimbudzi cha khanda chimafalitsa matenda monga cha wamkulu, ngakhale ambiri sakhulupirira zimenezi. Wochapayo akatsiriza asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Ngakhale pakhomo palibe wodwala, si bwino kuimirira m'thamanda pochapa. M'madzi odikha mumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo timalowera pakhungu. Tungani madziwo, mukachapire kumtunda.

Tsono madzi akakhala a ndowa imodzi, nzeru ili pa kutsogoza zoyenera. Amayi athu akale, amene ankasenza mtsuko kuchokera kutali, sankataya dontho. Ankayamba ndi zoyera ndi zosada kwambiri, kenaka zamitundu, potsiriza zakumunda, zonse m'madzi amodzimodzi. Madzi otsukuluzira zoyamba ndiwo ankachapira zotsatira, ndipo otsala ankawaza pabwalo kapena kuzirira nawo pansi. Chovala chamatope chiyambe chauma, muchikutumule, ndiye muchinyike. Kuchiviika chili ndi matope ndiko kungotha sopo pachabe. Kunyika zovala kwa ola limodzi kumapeputsa ntchito yofikisa, ndipo nsalu imakhalitsa kusiyana ndi kuimenyetsa pamwala.

Za sopo tinenepo ziwiri. Sopo wamtanda akadulidwa n'kuumitsidwa pamthunzi amatha pang'onopang'ono, motero banja lanzeru limasunga zidutswa zingapo m'chitini chotsekeka, pamodzi ndi machesi ndi chingwe. Madzi a mvula amachita thovu msanga, pamene a m'mijigo ina, monga ya kuchigwa cha Shire kumene madzi ndi amchere, amadya sopo. Sopo akatheratu, phulusa la nkhuni lilipo. Lichezeni monga muchezera chidulo, ndipo madzi akewo amasungunula mafuta ndi litsiro. Koma ndi aukali: amawawula manja ndi kusukulutsa nsalu, choncho awonjezereni madzi, ndipo mutsukuluze bwino.

Ife aphunzitsi timaona ana akubwera kusukulu nyengo ya dzinja ali ndi tizithupsa tokhala ndi mphutsi m'kati. Gwero lake ndi ntchentche imene imaikira mazira panthaka ndi pa zovala zachinyezi, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Yanikani pachingwe, padzuwa, ndipo musite mbali zonse. Simbi ya makala, imene ena adaiponya kunkhokwe atagula yamagetsi, musaitaye ayi.

Tikamanena kuti anyamata aphunzire ntchitoyi, abambo ena amakwinya nkhope. Tiwapemphe awerenge Eksodo 19. Aisraeli ali m'chipululu cha Sinai, kopanda mitsinje yambiri, Mulungu adalamula kudzera mwa Mose kuti anthu achape zovala zawo asanakumane naye, ndipo lamulolo lidali la anthu onse. Tsiku la chigumula mayi angathe kukhala ali kuchipatala ndi mwana wodwala. Kodi bambo ndi anyamata adzakhala m'litsiro kufikira iye atabwera? Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amachapira odwala ndi okalamba chaka ndi chaka, ndipo akanakondwa achinyamata a mumpingo akanawaperekeza, osati kukatunga madzi kokha, komanso kukagwira beseni.

Inu makolo, mvula isanayambe sankhani Loweruka limodzi. Mupatseni mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndowa imodzi ya madzi ndi kachidutswa ka sopo, achape yunifolomu yake osapita kumpopi kachiwiri. Bulangete alichape awiri, pakuti likanyowa limalemera. Wina agwire nsonga iyi, wina iyo, apotokole mosiyana kufikira madzi ataleka kudontha.