Akabwera ndi timu ya eni, tidzamulandira bwanji?



Chimatireni pakhoma la ofesi ndandanda wa masewero a mpira wa sukulu za m'dera lathu, nkhani ili pakamwa pa aliyense ndi imodzi. Mnyamata wathu uja, amene anaphunzira pano kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4 ndipo anali kaputeni wa timu yathu, pano ndi mphunzitsi pa sukulu ina konkuno ku Zomba, ndipo ndi yemwe akusula timu ya kumeneko. Ndandandawo ukuti tikumana nawo pa bwalo lathu. Dzina sititchula, nonse mukumudziwa.

Tamva anyamata ena akumunena kuti ndi wogalukira. Wina anafika ponena kuti akakhala mwana woyamika, tsiku limenelo osewera ake odalirika adzawasiye pa benchi. Akanakhala ana okha tikanangoseka, koma mawu omwewa tinawamvanso pakhonde la mzikiti itatha Swala ya Jumu'a, akuchokera kwa akuluakulu a imvi zawo. Ife tikuti ayi. Abwere ndi timu yake yonse, adzasewere kuti atigonjetse, ndipo ife tidzamulandire ngati mwana wa pakhomo.

Okonda mpira mukukumbukira za Peter Mponda. Anasewera zaka zambiri kumbuyo ku Bullets ya ku Blantyre, anali kaputeni wa timuyo, komanso ndiye anatsogolera Flames ku Angola mu 2010 pamene tinathira Algeria zigoli 3 kwa 0, mphunzitsi ali Kinnah Phiri. Atapachika nsapato anakhala wothandizira Kalisto Pasuwa ku Bullets komweko, nthawi yomwe timuyo inkatenga ligi chaka ndi chaka. Kuyambira 2018 mpaka 2023 chikho cha ligi sichinachoke m'manja mwa Maule. Mu 2024 Silver Strikers ya ku Lilongwe inamutenga kuti akhale mphunzitsi wamkulu, ndipo chaka chomwecho ligi inapita ku Silver. Amene anadula ulamuliro wa Bullets anali mwana wawo yemwe.

Masapota ena zinawawawa, ndipo n'zomveka. Koma taganizani akanachita zimene anyamata athu akupempha, n'kumafewetsa dzanja akakumana ndi Bullets. Akanabera amene anamulemba ntchito, akanabera osewera amene ankamukhulupirira, ndipo a Bullets eni akewo akanadziwa kuti munthuyu amagulika ndi chifundo. Kodi akanamufunanso? Chimene chinachitika n'chakuti mu 2025, Pasuwa atapita ku Flames, Bullets inaitana Mponda yemweyo kuti adzakhale mphunzitsi wamkulu. Anamuitana chifukwa anali ataona ndi maso awo zimene amachita akapatsidwa timu, ngakhale timuyo ikhale yolimbana nawo. Kuyambira pamenepo ntchito yake inasanduka yogonjetsa Silver, anyamata omwe anasenza nawo chikho miyezi yochepa m'mbuyomo.

M'kalasi mwathu mawu akuti amana timawabwereza mpaka ophunzira amatopa nawo. Ambiri amaganiza kuti amana ndi ndalama yokha imene munthu wakusungitsa. Ana khumi ndi mmodzi amene makolo awo awapereka m'manja mwako nawonso ndi amana. Anyamata a sukulu inayo tamawaona m'bandakucha akuthamanga mumsewu wokwera ku Ku Chawe, nkhungu ili tolo, ena opanda nsapato zoyenera. Sakudzuka m'mawa choncho kuti mphunzitsi wawo adzawagulitse pofuna kusangalatsa aphunzitsi ake akale. Ndipo tikamupempha kuti atero, ndiye kuti tikumupempha kuti aswe phunziro lenileni limene tinamuphunzitsa m'chipinda chomwechi.

Pali chitsanzo china chimene chili pafupi nafe kuposa mpira. Asilamu ambiri kuno ku Malawi timatsata mazhabu a Imam Shafi'i. Iyeyu ali mnyamata anapita ku Madina kukakhala pa mapazi a Imam Malik, ataloweza kale pamtima buku la mphunzitsi wakeyo, Muwatta. Imam Malik anamwalira mu 795. Patapita zaka, ali ku Egypt kumene otsatira a Malik anali ochuluka, Imam Shafi'i analemba poyera mfundo zimene ankasiyana ndi mphunzitsi wake, ndipo ena mwa otsatirawo anakwiya naye kwambiri. Kusiyanako timakumva mpaka lero: imamu wathu akamawerenga Bismillah mokweza asanayambe Fatiha pa Swala ya Maghrib, akutsata wophunzira, osati mphunzitsi. Komabe Imam Shafi'i sanasiye kulemekeza Malik, ndipo mabuku ake ndi odzaza ndi ma Hadith amene analandira kwa iye. Sitikufanizira mpira ndi maphunziro a Dini, musatimve molakwa. Tikungoti mwambo wathu unadziwa kalekale kuti kulimbana ndi amene anakuphunzitsa si kumunyoza.

Tsono mwana wathuyu ali nayo ngongole kwa ife? Ali nayo ndithu, koma si ya zigoli. Ngongole yake ndi ya khalidwe. Akafika adzapereke salamu kwa aphunzitsi ake. Anyamata ake akagoletsa asadzabwere kudzavina pamaso pa benchi yathu. Asadzalowetse m'bwalo anthu a ndevu zometa kumene amene sali m'kaundula wa sukulu, matenda amene avuta mpira wa m'sukulu kwa nthawi yaitali. Asadzatukwane oyimbira. Akachita zimenezi n'kutigonjetsa, tidzapita kunyumba mitima ikuwawa, koma mitu ili m'mwamba, poti wotigonjetsayo tinamuumba tokha.

Apa tilankhuleko ndi a komiti, mwaulemu. Mnyamatayu atamaliza maphunziro a uphunzitsi, khomo loyamba kugogoda linali lathu. Tinamuuza kuti malo palibe ndipo thumba silikulola. Mwina zinali zoona, ife ndalama sitisunga. Koma sitingamubweze pakhomo dzulo, lero n'kumudzudzula kuti bwanji walowa nyumba ina. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ngati zikutipweteka kumuona atakhala pa benchi ya eni, nkhani yoti tikambirane pa msonkhano ukubwerawu ndi ya mmene tingasungire ana athu ophunzira bwino, kapenanso mmene tingapezere mipira yokwanira ndi maukonde a pagolo, poti amene alipowa ang'ambika moti chigoli chimatsutsidwa ngakhale aliyense wachiona.

Kwa inu ophunzira amene mudzaime m'mbali mwa bwalo: chemererani timu yanu mpaka mawu atha, imbani, ombani m'manja. Koma nyimbo yotchula dzina lake monyoza, kapena la makolo ake amene timaswali nawo mzere umodzi, tisadzaimve. Ena mwa inu zaka zisanu zikubwerazi mudzakhala aphunzitsi ku Machinga, ku Mangochi kapena ku Mzuzu, ndipo tsiku lina basi idzakutsitsani pachipata chomwechi muli ndi ana a eni. Mudzafuna kulandiridwa ndi madzi akumwa ndi mpando.

Osewera athu, inu ndiye muli ndi ntchito. Munthuyu bwalo lathu amalidziwa ngati chikhatho chake. Akudziwa kuti limapendekera kumunsi, kuti mpira ukagunda pa chulu chakale chija umalumpha mokhota, ndiponso kuti dzuwa likapendekera ku phiri goloboyi wa mbali ya kum'mawa saona bwino mipira ya m'mwamba. Akapata mwayi wosankha mbali, mukudziwa kale imene adzasankhe. Akudziwanso kuti timu yathu imatopa m'chigawo chachiwiri, chifukwa nthawi yake zinali choncho ndipo sitinasinthe. Masabata atsalawa muwagwiritse ntchito pa zimenezo.

Masewero adzayamba itatha Swala ya Asr, Insha Allah. Alendo amene akuswali tidzawakonzera malo ndi madzi a udhu pamodzi ndi ife, ndipo tikupempha makolo awiri kapena atatu adzipereke kudzathandiza aphunzitsi kuyang'anira mbali ya ochemerera.

Wassalamu alaikum.