KOPE LA TCHUTHI

Sukulu zikatsekera, funso limene makolo amabwera nalo kwa ife aphunzitsi ndi limodzimodzi chaka ndi chaka: kodi ana aŵa tiwatani masabata onseŵa? Kuno kwa Nyachikadza ntchito siisoŵa, pakuti madzi akaphwa dimba limafuna manja, ndipo mnyamata wa zaka khumi amadziŵa kale kupalasa mwadiya ndi kuonjola mono. Koma dzuŵa likapendeka ntchito imatha, ndipo apo mpamene pagona nkhaŵa ya makolo. Wina waoloka kupita ku vidiyo ya pamsika, kumene amaonetsa mafilimu a nkhondo amene anyamata a m'tauni anawaikira mau a Chicheŵa. Ena asanu aunjikana pa foni imodzi kuseri kwa khola, ndipo kholo likayandikira foniyo imaloŵa m'thumba.

Nkhani imeneyi yafika kangapo pa bwalo la akulu a mpingo. Alipo anzanga amene amati tingoletsa basi, ndipo mwana wa kalasi wopezeka ku vidiyo adziŵe kuti wadzichedwetsa yekha. Ndimawamvetsa, chifukwa zina zimene zimaonetsedwa m'tizisakasa timeneti siziyenera maso a mwana, ngakhalenso a mkulu. Koma taletsa zaka zambiri, ndipo tizisakasato sitinachepe. Tsono mwezi uno ndifuna kuika pamaso panu, makolo anzanga ndi inu achinyamata, chinthu china chotsika mtengo choposa chikwapu: kope limodzi ndi pensulo, kuti mwana azilembamo tsiku ndi tsiku zimene wachita ndi zimene waona pa tchuthi. Angerezi buku lotere amalitcha dayale.

Ine kope langa loyamba anandipatsa ndi aphunzitsi athu a Sitandade 7 m'chaka cha 1983. Masiku amenewo chaka cha sukulu chinkayamba mu Okotobala, motero tchuthi chachikulu chinkagwa mu Ogasiti ndi Sepitembala, nthaŵi imene ndalama za thonje zinali zikadali m'manja mwa anthu. Aphunzitsiwo sanatiuze zambiri. Anati tizilemba tsiku pamwamba, pansi pake mizere isanu, ndipo tisaname. Kopelo ndikadali nalo, pakuti mayi anga analisunga m'chitini pamodzi ndi makadi a ubatizo.

Mukalitsegula mungaseke, chifukwa gawo lalikulu ndi la kanema. Wailesi ya kanema kunalibe; dziko lathu linadikira mpaka 1999 kuti likhale nayo. Kanema wa anthu a kumudzi ankabwera pa galimoto zachikasu za a zamalimidwe, zokhala ndi zimkuzamau pamwamba, ndipo akuluakulu amene anakhalako ku Joni ankamutcha basikopo. Kwathu kuno galimoto silifika, popeza tazingidwa ndi Shire ndi dambo la Ndindi, tsono mbiri ikamveka tinkaoloka dzuŵa likadalipo ndi kukagona kwa abale kutsidya, chifukwa palibe kholo limene likanalola mwana kubwerera pa madzi usiku, mvuu ndi ng'ona zili pamenepo. Pa Loŵeruka la pa 13 Ogasiti ndinalemba chotere: "Taona kanema wa kupopera thonje. Mbozi inali yaikulu ngati ng'ombe ndipo agogo ena anathaŵa. Kenaka a Pulezidenti akuyendera minda. Chimanga chake chachitali kuposa anthu. Kwathu chotere sindinachione." Mwana wa zaka 13 sankadziŵa kuti mau otsirizawo, m'masiku a Dr Kamuzu Banda, anali osayenera kuwanena mokweza. Anangolemba chimene maso ake anaona, napitirira kunena za mbatata imene anadya.

Kumapeto kwa mwezi womwewo amalume anga amene ankagwira ntchito ku Blantyre ananditumizira ndalama ya sitima. Ulendo umenewo unadya masamba anai a kope: kukwera ku Nsanje m'bandakucha, kuima pa Bangula, kuoloka mlatho wa Chiromo, kenaka Makhanga, Sankhulani, Thekerani, sitima ikukwera mapiri mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba, ndi kuzizira kumene kunandigwira pofika ku Luchenza, ine mwana wa kuchigwa wopanda juzi. Ndipo pa 3 Sepitembala amalumewo anandiloŵetsa mu Apollo, nyumba ya kanema ya mu Blantyre imene inatsekedwa kalekale. Inali filimu ya karate, ya mtundu umene unatchuka chifukwa cha Bruce Lee, ngakhale iye anali atamwalira mu 1973. Zimene ndinalemba usiku umenewo ndi izi: "Munthu mmodzi wamenya anthu makumi aŵiri. Koma nchifukwa chiyani amabwera mmodzimmodzi? Akanabwera onse pamodzi akanamugwira. Pena chithunzi chimadumpha, mwamuna ndi mkazi akuyandikana, kenaka kwacha." Kudumpha kumeneko kunali lumo la bungwe la boma lounika mafilimu ndi mabuku, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, koma izi ndinadzazidziŵa nditakula.

Timabuku ta zithunzi nato tili m'kopemo. M'mudzi mwathu munali bambo wina amene anagwira ntchito ku migodi pa Wenela, nabwerera kwao pamene boma linaimitsa ulendowu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi 74. M'bokosi lake lachitsulo munali magazini akale ong'ambika a Lance Spearman, amene tonse tinkangomutcha Spear. Sizinali zojambula pamanja ayi. Zinali zithunzi za anthu enieni, Aafirika ngati ife, mau ao atalembedwa m'timabwalo pamwamba pa mitu. Anatulutsa ndi a kampani ya Drum kuyambira 1968 kufikira 1972, ndipo anafalikira kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Nairobi ndi ku Lagos. Spear anali wofufuza milandu, wovala suti, tayi ya gulugufe ndi chipewa, ndudu yaikulu pakamwa ndi tambula ya kachasu wa Azungu pambali. Kunena zoona sanali munthu woti nkumupatsa kalasi ya Sande Sukulu. Komabe ambiri a ife Chingerezi chathu choyamba choŵerenga mwa kufuna kwathu, popanda mphunzitsi kutiimirira, tinachipeza m'timabwalo timeneto, monganso ena pambuyo pake anazoloŵera nyuzipepala chifukwa chofuna kuona zimene Pewani wa malemu Brian Hara wachita sabata imeneyo mu Malawi News. Za Spear ndinalemba mzere umodzi wokha: "Amenya nkhondo koma chipewa sichigwa, ndipo satuluka thukuta. Abwere ku Nsanje mu Okotobala."

Sindikukuonetsani izi kuti munene kuti mwana uja anali wanzeru. Anzanga onse anali nao mafunso omwewo m'mitu mwao. Kusiyana kwake nkwakuti ine ndinali ndi mizere isanu yoti ndidzaze, ndipo munthu sangalembe za chinthu asanachitembenuze ndi kuchiyang'ana kumbuyo. Mwana amene amangoonera amameza zonse, nsomba ndi minga yomwe. Koma amene akudziŵa kuti madzulo adzakhala pansi ndi pensulo amayamba kufunsa ali pomwepo: kodi izi zingatheke? Kodi munthu uyu wachita bwino? Kodi ndani wadula chithunzi ichi, ndipo ndani wasankha munda uwu wa chimanga chachitali? Mphamvu imeneyi ndi imene timaifuna mwa mkhristu wachinyamata, ndipo chiletso chokha sichiibala. Mwana woletsedwa amaonerabe, kungoti amaphunzira kusanena.

M'kalasi ndimaona zomwezo. Uzani ana a Sitandade 8 kuti alembe chimangirizo cha mutu wakuti "Tchuthi changa", ndipo makope makumi asanu adzakuuzani kuti anapita kwa agogo, anathandiza makolo, ndipo anasangalala kwambiri. Ameneŵa ndi mau oloŵeza, amene anatengera kwa akulu ao, iwonso atatengera kwa ena. Koma mwana amene wasunga kope la tsiku ndi tsiku amakuuzani kuti mlamba unali wotsika mtengo Lachiŵiri chifukwa ogula a ku Blantyre sanabwere, ndi kuti mlongo wake analira pamene mbuzi yake inagulitsidwa. Wolemba mayeso wotere amadziŵika pa ndime yoyamba.

Palinso china chimene sindinachiganizire pamene ndinali kulemba. Lero ndikaŵerenga kope lija, za karate zimangondiseketsa, koma zimene ndinazilemba mongodutsa ndizo zasanduka chuma. Ana amene ndimawaphunzitsa sanayendepo ulendo wa sitima wochokera ku Nsanje kukafika ku Limbe, pakuti madzi anadula njanji pa Chiromo mu 1997. Maina a masiteshoni aja ndimawaŵerengera iwo ngati nthano. Muli dzina la mudzi wina umene malo ake tsopano ndi madzi. Ndipo zaka zitatu zokha kope lija litatha, mu 1986, abale athu a ku Mozambique anayamba kukhamukira kuno pothaŵa nkhondo, mpaka m'boma la Nsanje alendo anaposa eni nthaka, ndipo ambiri sanabwerere kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu Okotobala 1992. Tonse tinaziona izi ndi maso athu. Koma ndani wa ife angatulutse pepala lonena tsiku limene banja loyamba linafika pakhomo pake, ndi chimene anawaphikira?

Mbiri ya chigwa chino kaŵirikaŵiri yalembedwa ndi alendo, ndipo chifukwa chake nchakuti iwo ankasunga madayale. Dr David Livingstone anakwera Shire mu Januwale 1859 pa sitima ya pamadzi yotchedwa Ma-Robert, ndipo timadziŵa kuti m'dambo la kumtunda kwa Chiromo anaona njovu pafupifupi 800 chifukwa analemba. Timadziŵa kuti Bishopu Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire chifukwa mnzake anasunga tsikulo. Njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, pamene mitembo inkayandama mu mtsinje uno, timaidziŵa kupyolera mwa amishoni onga Lovell Procter ndi Horace Waller, amene anakhala kwa Chibisa ku Chikwawa nalemba tsiku ndi tsiku. Tiyenera kuwathokoza. Koma anthu amene ankafawo anali makolo athu, ndipo m'mabukumo ambiri a iwo alibe maina. Iwo analibe pensulo. Ife tili nayo, ndipo madzi a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 alembedwabe makamaka ndi anthu obwera pa helikopita, amene amaŵerenga mabanja ndi matumba a ufa. Pamene boma likutilangiza kuti tisamukire kumtunda, ndipo ambiri kuno akukana chifukwa cha dimba ndi manda a makolo, mbali zonse ziŵiri zimatsutsana ndi zokumbukira za pakamwa: wina ati madzi a chaka chakuti anafika pa mtengo uwo, wina ati ayi. Makope khumi a ana a sukulu akanathetsa mkangano umenewo.

Oŵerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti m'buku la Estere, mutu 6, mfumu Ahaswero itasoŵa tulo inaitanitsa buku la zochitika za ufumu wake, ndipo mmenemo munapezeka kuti Moredekai anapulumutsa moyo wa mfumu koma sanalandire kanthu. Mlembi amene analemba mzere umenewo sanadziŵe kuti ukagwira ntchito yanji.

Kwa inu makolo ndili ndi pempho limodzi lovuta. Mukampatsa mwana kope, kopelo ndi lake. Musalifunefune pansi pa mphasa iye atapita kotunga madzi. Ndikudziŵa kuti kwathu kuno timati mwana alibe chinsinsi kwa kholo lake, ndipo m'zambiri nzoona. Koma mwana akangodziŵa kuti bambo amaŵerenga, tsiku lomwelo amayamba kulembera bambo, ndipo mudzapezamo kuti anapemphera katatu ndi kusesa pabwalo. Njira yabwino njakuti tsiku la Sabata madzulo, mutatha mapemphero a banja, mumpemphe akuŵerengereni tsamba limodzi limene iye wasankha. Akakuŵerengerani za filimu imene simuikonda, gwirani mtima, mumfunse kuti munthu wamkulu wa m'filimumo anamuona bwanji. Mwina mudzapeza kuti anaona kale chimene munafuna kumuuza. Mukaona kuti sanachione, apo ndiye pakhomo potseguka poti mulankhule, ndipo walitsegula yekha.

Inu achinyamata, musadikire tsiku lalikulu. Lembani zazing'ono: mtengo wa sopo, amene analalikira ndi mutu wake, pamene madzi afika pa doko, dzina la filimu ndi chimene chinakunyansani kapena kukukondweretsani mmenemo. Tsiku likakudutsani musabwerere kukapeka; siyani mpata, mupitirire. Lembani m'chilankhulo chimene mumalota nacho, kaya Chisena, kaya Chimang'anja, kaya Chicheŵa cha kusukulu, pakuti kope ili sadzachonga munthu. Ena adzati foni ikwanira, koma ndaona mafoni ambiri atafa ndi madzi ndi zithunzi zao zonse. Ndipo gwiritsani pensulo, osati bolopeni kapena inki. Makope a sukulu amene tinawatola m'matope mu 2015 anatiphunzitsa ichi: inki inasungunuka masamba nkusanduka a buluu, koma zolembedwa ndi pensulo zinaŵerengeka titaziyanika. Kope likadzaza likulungeni m'pepala la pulasitiki, muliike m'chidebe chokhala ndi chivindikiro pamodzi ndi makadi a kusikelo ndi a mpingo, ndipo mvula ikayamba chidebecho chikwere pa nsanja.