Omeprazole si mtedza wokazinga

Chilungulira chasanduka bizinesi m'dziko muno. Mlimi wa kachewere ku Bembeke akalawirira kudimba osadya, msana ukawawa amamwa bufeni kapena asipirini pamimba yopanda kanthu, m'mimba mukayamba kuotcha amathamangira kugolosale kukagula omeprazole. Mwezi, miyezi, mpaka chaka chatha akungomwa. Wamuuza kuti asiye ndani? Palibe.

Tinene zoona, mankhwalawa ndi abwino. Amachepetsa asidi m'mimba ndipo zilonda zimapola. Koma kawirikawiri achipatala amapereka a masabata 4 mpaka 8 basi. Kumwa zaka popanda chifukwa kumachepetsa vitamini B12 ndi magnesium m'thupi, ndipo kungafooketse mafupa.

Komanso zilonda zambiri gwero lake ndi kachirombo kotchedwa H. pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia adakatulukira mu 1982. Kameneka kamafuna maantibayotiki pamodzi ndi omeprazole. Kapisozi yekha amangogoneka ululu, kachirombo kali phee. Ena zilonda zimabwera ndi bufeni yemweyo.

Anzathu a ma ARV tamverani. Omeprazole amalepheretsa atazanavir kulowa bwino m'magazi. Nawo magnesium trisilicate, mapiritsi otafuna aja, amasokoneza dolutegravir, yemwe ambiri akumwa chiyambire 2019. Dolutegravir amwedwe maola 2 musanatafune mapiritsiwo, apo ayi patapita maola 6. Wogulitsa pahokala amazidziwa izi?

Choopsa kwambiri n'chakuti Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka padziko lonse. Munthu amene nsima ikumutsamwa, akuonda, akusanza magazi kapena akuchita chimbudzi chakuda bii, asataye nthawi ndi makapisozi. Apite kuchipatala cha boma ku Dedza, akamutumize ku Kamuzu Central kukaunika kummero ndi m'mimba.

Tsono madokotala athu, polemba mankhwalawa m'kabuku lembaninso chifukwa chake ndi tsiku lolekeza. Muuzeninso wodwala kuti akasiya mwadzidzidzi chilungulira chimatha kubwerera kwa masabata angapo, choncho achepetse pang'onopang'ono. Alipo ofunika kumwabe, monga omwe adatayapo magazi m'mimba, koma zimenezo aweruze ndi dokotala. A bungwe la PMRA nawonso aziyendera misika ya kumudzi, osangothera m'tauni.

Abale, safunsa adadya phula. Musanagule paketi ina, tengani kabuku kanu mukafunse kuchipatala kuti mankhwalawa mulekeza liti.