Mwakweza nyumba yonse pa lole, koma mwini loleyo mukumudziwa?

Kumapeto kwa mwezi uliwonse misewu ya ku Ndirande, Chilomoni, Kawale, Area 25 ndi Chibavi imadzaza timalole tosenza mabanja. Sofa ali pansi, matiresi pamwamba, firiji yamangidwa ndi zingwe za mphira, mwana wakhala pa thumba la chimanga atakumbatira ndowa. Zonse zimene banjalo lakhala likugula pang'onopang'ono kwa zaka khumi kapena makumi awiri zili pa galimoto imodzi. Tsono tiimitse galimotoyo, tifunse bambo kapena mayi wa banjalo: dalaivala wanuyu dzina lake ndani? Amakhala kuti? Galimotoyi ndi yake kapena ya bwana wina? Ambiri angatiyankhe kuti ndi mkulu wina wake wa pa siteji, ndipo nambala yake anawapatsa ndi mnyamata wa pa golosale.

Munthu yemweyo sangabwereketse njinga yake kwa mlendo asanamufunse kumene akupita ndi nthawi yobwerako. Nanga n'chifukwa chiyani tsiku losamuka timasowa pakamwa?

Chifukwa chake tikuchidziwa, ndipo sitikuchinyoza. Eni nyumba akufuna makiyi awo pa 1, lendi ya nyumba yatsopano yatha kale ndalama, ana akufunika malo ku sukulu ina. Munthu wotere amangofuna galimoto yotchipa imene ingabwere lero. Koma changu chimenechi ndicho chimadyetsa anthu osaona mtima, ndipo wolira sakhala iwo.

Tiyambe ndi munthu amene mukulankhula naye pa foni. Kodi ndi mwini galimoto, dalaivala, kapena ndi dobadoba? Masiku ano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muli zithunzi za malole onyezimira olembedwa kuti timasamutsa kulikonse m'Malawi muno. Chithunzi aliyense akhoza kuchitola pa intaneti. Akakuuzani kuti tumizani kaye ya mafuta pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dzina limene likutuluka potumizapo ndi lomwe anakuuzani lija? Likakhala lina, afotokoza bwanji? Ngati akudzitcha kampani, ofesi yawo ili pati yoti mukhoza kupondapo ndi mapazi anu? Analembetsa bizinesi yawo kwa Registrar General? Lisiti yawo ili ndi dzina, adiresi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA?

Apa tisamveke molakwa. Sitikunena kuti wokhulupirika ndi yekhayo wa ofesi ya magalasi. Alipo makampani aakulu osamutsa anthu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene amakulunga mbale imodziimodzi m'mapepala, koma mitengo yawo amaikwanitsa kwambiri ndi akazembe, mabungwe ndi mabanki. Mphunzitsi wa pulayimale sapitako. Iye amadalira bambo wa Canter imodzi kapena Dyna imodzi, ndipo mwa abambo oterewa muli anthu olongosoka amene asamutsa mabanja ambirimbiri osaswa ndi kapu yomwe. Wolongosokayo mumamuzindikira msanga: mukamupempha chiphaso cha unzika, laisensi ndi bulubuku wa galimoto, amatulutsa osakwinya nkhope. Mukamupempha nambala za anthu awiri amene anawasamutsa posachedwa, amakupatsani. Amene akupsa mtima ndi mafunso ochepa ngati amenewa katundu wanu asanakwere, adzakuyankhani bwanji kabati itasweka?

Tibwere pa mtengo. Munthu angatchule bwanji mtengo wonyamula katundu amene sanamuone? Komatu izi n'zimene zimachitika tsiku ndi tsiku. Mumafotokoza pa foni kuti ndi ya zipinda ziwiri, iye n'kutchula ndalama yokoma m'khutu. Galimoto ikafika, katundu wakwera theka, nyimbo imasintha: katunduyu wachuluka, msewu wa kwanuko ndi woipa, mafuta ndagula kwa mavenda. Ena amadikira mpaka afike pa nyumba yatsopano, n'kukana kumasula zingwe mpaka muwonjezere. Pamenepo mungakane? Dzuwa likulowa, ana ali ndi njala, nyumba yakale mwapereka kale makiyi.

N'zoona kuti mitengo m'dziko muno sikhazikika. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mizere ya pa malo omwetsera mafuta tonse taiona. Mwini lole nayenso akuvutika ndi matayala, mabatire ndi dizilo. Koma chimenechi ndiye chifukwa chokambirana zonse mwatchutchutchu tsiku lisanafike. Mtengowo ukuphatikiza mafuta opita ndi obwerera? Ukuphatikiza anyamata okweza ndi otsitsa? Pa ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe, wa makilomita opitirira 300, alipire pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke ndani? Katundu akapanda kukwana ulendo umodzi, wachiwiriwo ndi wa ndalama zingati? Wonyamula wodziwa ntchito amabwera kudzaona katundu ndi maso, amafunsa ngati lole ingafike pakhomo kapena iima kumsewu, kenako n'kutchula mtengo. Ndipo mtengowo ulembedwe, ngakhale pa pepala la mu kope, onse awiri musaine, mboni ione. Ndalama yonse isapite galimoto isanatsitse katundu.

Tsopano nkhani imene ambiri amapusitsidwa nayo, nthawi zina ndi anthu amene nawonso sakuimvetsa. Mukafunsa za inshuwalansi, dalaivala amaloza kapepala komata pa galasi, n'kunena kuti zonse zili m'malo. Kodi kapepalako kakuteteza chiyani? Inshuwalansi imene lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo ndi yolipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera zinthu pamsewu. Siiona za firiji yanu imene ili kumbuyo. Ngakhale inshuwalansi yaikulu ija, yolipira galimoto ikachita ngozi, imakonzetsa galimoto ya mwini wakeyo, osati sofa wanu. Katundu wonyamulidwa ali ndi inshuwalansi yakeyake imene makampani a inshuwalansi amagulitsa payokha. Funso ndi lakuti: wonyamulayo ali nayo? Ngati ali nayo, ndi ya kampani iti, imatha liti, ndipo imalipira mpaka ndalama zingati? Imalipira ngozi yokha, kapena ndi kuba ndi kunyowa komwe?

Eni timalole ambiri alibe inshuwalansi imeneyi, ndipo ndi bwino anene poyera kusiyana n'kunama. Akanena kuti alibe, funso lotsatira lisakhale la manyazi: TV ikasweka m'manja mwa anyamata anu, tidzatani? Yankho loti Mulungu atsogola, sizichitika, ndi mawu abwino a chikhulupiriro, koma pa mgwirizano si yankho. Gwirizanani lero, muli pa mtendere, kuti chosweka chifukwa cha kusasamala kwawo adzakonzetsa kapena kudula pa malipiro. Mawa mukadzayamba kukangana pakhomo anthu akuonerera, palibe adzavomere kuti anagwetsa ndi iye.

Galimoto yeniyeniyo mwaiyang'ana? Simufunika kukhala makaniko kuti muone tayala lotha mpaka mawaya, kapena kuwerenga tsiku lothera COF pa galasi. Galimoto yonyamula katundu wa anthu pa malipiro imayenera kukhala ya nambala yofiira. Ikakhala ya nambala yachikasu, mukafika pa rodibuloko ya Zalewa kapena ya Jenda, adzafotokozere apolisi ndani, ndipo katundu wanu adzagona kuti pamene akufotokozapo? Amene akusamukira ku Karonga atsika Chiweta. Amene akuchoka ku Dedza kulowera ku Golomoti atsika Khwekhwelere. Misewu imeneyi siikhululukira mabuleki okayikitsa. Ndipo kuyambira November mpaka April, lole yopanda tenti yabwino ndi chiweruzo cha matiresi anu, mabuku a ana ndi ufa womwe. Tentiyo aitambasule muione, musangomva kuti ilipo.

Pali funso lina limene anthu safunsa, koma ife tikuliona kuti ndi lalikulu: m'njiramo akwezanso chiyani? Dalaivala wina akaona mpata pamwamba pa katundu amayamba matola. Anthu osawadziwa akwera, akhalira makatoni anu, atsika mumdima pa malo ena ake. Atsika ndi chiyani, mudzaona mawa. Wina amaima m'mbali mwa msewu kugula matumba a makala oti akagulitse m'tauni. Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo galimoto yopezeka ndi makala opanda chilolezo ikhoza kugwidwa. Ikagwidwa, imagwidwa ndi bedi lanu lomwe. Mwalipira galimoto yonse, ndiye muli ndi mphamvu yonena kuti pasakwere munthu kapena thumba limene si lanu. Wachibale mmodzi wamkulu akhale kutsogolo ndi dalaivala kuyambira ponyamuka mpaka pofika. Ana ndi mayi awo akwere basi. Ndalama ya basi ndi yochepa poyerekeza ndi mwana wogwa pamwamba pa katundu galimoto itagunda dzenje. Ndipo bwanji tiyende usiku? Wofuna kunyamuka dzuwa litalowa afotokoze chimene akuthawa masana.

Katundu wanu mukumudziwa kuchuluka kwake? Funsoli likuoneka lachibwana mpaka tsiku limene mudzafune ayironi n'kusaipeza, osadziwa ngati inatsala, inagwa kapena inatengedwa. Lembani manambala pa makatoni ndi pa matumba, muwerenge pokweza, muwerengenso potsitsa. Jambulani ndi foni zinthu zodula zisanakwere, ndi nambala ya galimoto yomwe, mutumizire m'bale wanu. Masatifiketi, mapepala a malo, ziphaso, mankhwala, laputopu ndi ndalama zisakwere pa lole.

Abale athu a ku Joni nkhaniyi imawapweteka koposa. Munthu wagwira ntchito zaka zambiri ku Johannesburg kapena ku Cape Town, wagula firiji, mipando, malata ndi makina osokera, n'kupereka kwa wonyamula katundu woti adutse naye Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Maboda atatu, masiku angapo, mwini katundu ali kutali. Ndalama imene analipira ikuphatikiza msonkho wa pa boda kapena ayi? Katunduyo alembedwa m'dzina la yani pa mapepala a kasitomu? Akagwidwa chifukwa wonyamulayo sanaulule katundu wa anthu ena, wanu atuluka bwanji? MRA ili ndi dongosolo la a Malawi obwerera kwawo atakhala kunja nthawi yaitali, lowalola kulowetsa katundu wawo wa m'nyumba mopepukirako pa msonkho akakwaniritsa zofunika. Bwanji osafunsa ku MRA komweko musanapakire, m'malo mongomva za wonyamula, amene phindu lake ndi loti mulipire msanga? Safunsa anadya phula, ndipo pa njira imeneyi phulalo ndi la zaka za thukuta.

Ifenso osamuka tili ndi mlandu wathu, ndipo tisauzembe. Ndi angati amauza dalaivala kuti katundu ndi wochepa, akudziwa kuti kuseri kuli matumba makumi awiri a chimanga ndi njerwa zotsala? Ndi angati amaitanitsa galimoto 6 koloko m'mawa, asanamange ndi katoni imodzi yomwe, n'kuisunga mpaka masana osawonjezera kanthu? Nanga anyamata aganyu amene amasenza wadiropu pa makwerero, amatsitsa firiji pa msana, timawapatsa zingati? Timawapatsa ndi madzi akumwa omwe? Munthu wanjala, wonyozedwa, wolipidwa ndalama yosagula ndi nsima ya masana sangasamale galasi la kabati yanu. Wofuna kunyamulidwa mwaulemu anene zoona za katundu wake ndipo alipire zimene analonjeza, pa nthawi yake.

Mafunso ena ndi a akuluakulu. Chaka ndi chaka boma limasamutsa aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi alangizi a zaulimi kuchoka boma lina kupita lina. Kalata yosamutsa munthu ikatuluka, galimoto kapena ndalama yosamukira imatuluka nayo limodzi? Ngati ichedwa, wantchitoyo asamuke ndi chiyani, kupatula lole yotchipitsitsa imene angaipeze? Makhonsolo a mizinda amadziwa malo onse amene timalole timaima kudikira maganyu. Chovuta n'chiyani kuti pa siteji iliyonse pakhale kaundula wa magalimoto, eni ake ndi madalaivala, ndiponso wapampando woti wodandaula akamupeze? Eni malole okhulupirika, bwanji osadzisonkhanitsa nokha n'kukonza kapepala kamodzi ka mgwirizano, ka m'Chichewa, koti kasitomala aliyense asaine? Kodi si inu amene mumataya makasitomala chifukwa cha anzanu ochepa achinyengo?

Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo a ogula, tilinso ndi Consumers Association of Malawi. Timawamva pa nkhani za shuga, simenti ndi mitengo ya m'mashopu. Kodi mayi wa ku Bangwe amene anamubera makina osokera pa lole akudziwa kuti nayenso ndi wogula, ndipo akhoza kukadandaula? Mabungwewa amuuze, pa wailesi, m'chilankhulo chake. Koma naye akafika kumeneko, kapena ku polisi, adzafunsidwa dzina la wonyamula, nambala ya galimoto ndi umboni wa malipiro. Wopanda zitatuzi amabwerera kunyumba chimanjamanja.

Inu amene mukusamuka mwezi uno, yambani kufunafuna galimoto sabata ziwiri tsiku lisanafike, mufunse anthu atatu osiyana. Aliyense abwere adzaone katundu, aonetse mapepala ake, anene za inshuwalansi, avomere kulemba. Amene wakana kulemba musamupatse katundu wanu, ngakhale atatsitsa mtengo ndi theka.