Nkhuyu Zodya Dalaivala Zimapota Mwini Lole

Ana anga a ku Dwambazi, ndi inu nonse amene muli ndi malole, mathirakitala ndi zimakina zoyenda pa msewu wa M5, akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndiye ndiloleni ndikutsineni khutu pa nkhani ya inshuwalansi ndi kasamalidwe ka galimoto zolemera, nkhani imene ambiri amaikumbukira magazi atagwa kale pa tala.

Msewu wathuwu, wochokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, kupyola kwathu kuno mpaka ku Chintheche ndi ku Nkhata Bay, adaumanga wopapatiza galimoto zikadali zowerengeka. Lero wasenza mtolo wa dziko. Pamadutsa nzimbe zopita ku fakitale ya Illovo ku Dwangwa, shuga wochokera komweko, ethanol wa kampani ya EthCo imene idayamba ntchito mu 1982, mathanki a mafuta, feteleza, simenti, ndi malobedi onyamula akatapila. Pa tala yemweyo pamayendanso mwana wa sukulu, mayi wosenza chinangwa, wakabaza wonyamula dengu la usipa, ndi wodwala wolunjika ku chipatala cha Dwambazi. Zimakinazo sitingazikane. Madzi a mtsinje wa Dwangwa atasefukira mu February 2024 n'kudula msewu, sitidaulumikize ndi makasu. Walira mvula walira matope. Koma matopewo asamagwere wosauka yekha.

Lamulo la pamsewu la 1997 limati galimoto iliyonse yoyenda pa msewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ija mumaitcha thedi pate. Ambiri mwa inu mumaigula kuti wapolisi wa pa rodibuloko akaona kapepala ka pagalasi akukwezereni chitsulo. Apa ndi pamene mumasocherera. Kapepalako sikalembedwera wapolisi. Ndi lonjezo lanu kwa munthu amene simukumudziwa, lakuti lole yanu ikamuthyola mwendo kapena ikapha womudyetsa, banja lake silidzatsala manja ali m'khosi. Wogula kapepala kachinyengo kuseri kwa depoti, kapena woyenda ndi kotha masiku, sanapusitse boma. Wabera mwana wamasiye amene sanamuonebe.

Dziwaninso kuti thedi pate ili ndi malire. Sikonza lole yanu, ndipo silipira katundu amene mwanyamula. Katapila wa mwini wake akatsetsereka pa lobedi n'kugwera m'ngalande, zimenezo zimafuna inshuwalansi ina ya katundu wa paulendo. Ngakhale chipepeso cha wovulala chili ndi pothera. Pa milandu yambiri imene yaweruzidwa m'makhoti athu, kampani ya inshuwalansi imalipira mpaka K5 miliyoni, ndipo zotsalazo khoti limazifuna kwa dalaivala ndi mwini galimoto. Dalaivala alibe kanthu koma malipiro ake, choncho amene amagulitsa nyumba ndi inu. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Mnyamata akagona pa chiwongolero pa Dwambazi, inu muli gone ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mlandu umakupezani komweko, chifukwa anali pa ntchito yanu. Mwini malole wanzeru amapempha kampani kuti imukwezere malirewo, n'kuwonjezera ndalama pang'ono pachaka.

Inu amene mudagula inshuwalansi yoteteza galimoto yonse, tsegulaninso mapepala anu. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati mtengo wa lole umene mudalembetsa ndi wa kale lija, kampani idzakulipirani molingana ndi mtengo womwewo, mwinanso kuchepera apo, ndipo ndalamayo sidzagula ngakhale injini. Funsani wokugulitsani inshuwalansi kuti akuwerengereni ndime ndi ndime, makamaka zolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono. Safunsa adadya phula.

Tsono inshuwalansi simanga mabuleki. Imaima pa zinthu zitatu: galimoto, dalaivala ndi katundu. Chimodzi chikapotoka, kampani ikhoza kukana kukulipirani zanu, ndipo ngakhale italipira wovulalayo, ikhoza kubwerera kwa inu kudzaitanitsa ndalama zake.

Galimoto iyenera kukhala ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pa msewu, yochokera ku nthambi ya Road Traffic. Tonse timadziwa kuti alipo ena amene amabwereka matayala abwino tsiku loyezetsa n'kubweza madzulo, ndi ena amene COF imawapeza kunyumba galimoto isanaonedwe n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lotere limadutsa pa rodibuloko, koma silimaimitsa matani 30 pamene mwana wathamangira mpira pa msewu. Ngolo za nzimbe zokokedwa ndi mathirakitala nazo zikhale ndi magetsi akumbuyo ndi zonyezimira. Nyengo yodula nzimbe zimayenda mpaka usiku, ndipo wanjinga yamoto amaiona ngolo yakuda atafika kale pansi pake. Lole ikafa panjira, nthambi za mitengo sizilowa m'malo mwa zikwangwani zofiira zochenjeza. Masamba saoneka mumdima, ndipo mukachoka mumawasiya pomwepo pamodzi ndi miyala imene munatsekera matayala.

Dalaivala akhale ndi laisensi ya kalasi yoyenera galimotoyo, ndi chilolezo cha madalaivala a ntchito, PrDP, chosatha masiku. Musapatse kiyi mphwanu chifukwa choti adakulira m'galaja. Ndipo inu eni ake, lekani kulipira munthu potengera maulendo amene wapanga kenako n'kumadabwa kuti akuthamanga. Wolipidwa pa ulendo sagona, amatafuna chingamu ndi kumwa zakumwa zochotsa tulo mpaka maso atamugonjera okha. Kuthamanga si kufika. Dalaivalayo muletseninso matola. Anthu okwera pamwamba pa matumba a simenti nthawi zambiri sakhala m'gulu la otetezedwa ndi inshuwalansi ya lole ya katundu. Dalaivala ndi wothandizira wake nawo ndi antchito anu: lamulo la chipepeso cha antchito la 2000 limaika udindo pa wolemba ntchito ngati avulala ali pa ntchito.

Za katundu ndiye ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene dyera limabisala. Malire a kulemera kwa lole ndi ngolo zake m'maiko a kuno kwathu ndi matani 56, ndipo ekiselo iliyonse ili ndi muyezo wake. Akatswiri a misewu adayesa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kupeza kuti mukawirikiza kawiri kulemera kwa pa ekiselo imodzi, msewu suwonongeka kawiri ayi, koma pafupifupi ka 16. Ndiye amene amawonjezera matumba pamwamba n'kuzemba sikelo amadya phindu yekha, koma maenje ake timagawana tonse, kuyambira ambulansi mpaka minibasi. Milatho yathu ina ndi yodutsa galimoto imodzi, ndipo umodzi ukathyoka, mpunga ndi nsomba za kuno zimasowa njira. Chimakina chotambalala kapena chotalika kuposa muyezo chimafuna chilolezo chapadera, mbendera zofiira, ndi galimoto yotsogola yochenjeza anthu. Chimangidwe ndi matcheni m'ngodya zonse, mkono wake utatsitsidwa, ndipo dalaivala aime panjira kuona ngati tcheni sichinakhwepe. Zingwe za nayiloni ndi za mitolo ya nkhuni.

Nanunso a kumudzi, mutu umodzi susenza denga. Msika usalowe mu msewu, ndipo chinangwa ndi mpunga tisayanike pa tala. Thanki ya mafuta ikagwa, thawani ndipo muthawitse ana, musathamangire ndi zigubu. Ngozi ikachitika, lembani nambala ya galimoto, ya kutsogolo ndi ya ngolo, chifukwa zimasiyana. Kauzeni apolisi a ku Nkhunga kuti pakhale lipoti, ndipo sungani mapepala onse a kuchipatala. Lamulo limalola wovulala kukadandaula mwachindunji ku kampani ya inshuwalansi ya galimotoyo, koma nthawi yake ili ndi malire, choncho musazengereze. Musalandire thumba la ufa ndi bokosi la maliro n'kusayina pepala lakuti nkhani yatha. Chenjeraninso ndi anthu amene amafika pa bedi la wodwala ndi mafomu, akulonjeza kuti akuyendetserani zonse: funsani kaye kuti atengapo zingati, ndipo zilembedwe. Kampani ikamakuzungulitsani, Reserve Bank ndiyo imayang'anira makampani a inshuwalansi, ndipo imalandira madandaulo.

Kwa apolisi ndi oyeza galimoto ndingoti: ndalama ya fanta imene mwalandira kuti lole yopanda mabuleki idutse, simukudziwa kuti ikaima pa mwana wa yani.

Eni galimoto, musadikire kuti nyengo ya nzimbe iyambe. Khalani pansi ndi makaniko, dalaivala ndi wa inshuwalansi, muone tsiku lothera pepala lililonse, mulowe pansi pa lole muone mabuleki ndi maso anu. Ndalama imene mukuiumira lero ndi yochepa poyerekeza ndi imene khoti lidzakulamulani, ndipo ngakhale mutagulitsa lole n'kusamuka, mlandu suwola.