Bwana aziyeza ntchito, osati maola okhala pa desiki

Mu Sepitembala 2024, mkulu wa kampani ya Amazon, a Andy Jassy, adalembera antchito a m'maofesi kuti kuyambira pa 2 Januwale 2025 azifika ku ofesi masiku asanu pa sabata, m'malo mwa atatu. Banki ya JPMorgan Chase idatsatira, ndipo antchito atasayina chikalata chodandaula, mkulu wawo a Jamie Dimon adanenetsa kuti kuchuluka kwa mayina sikungawasunthe. Nawo a Donald Trump, tsiku lomwe adalumbira kukhala pulezidenti pa 20 Januwale 2025, adalamula ogwira ntchito m'boma la America kuti asiye kugwirira kunyumba. Ambiri akamva kung'ung'udza kwa antchitowa amati n'kukhuta chabe, anthu adazolowera zofewa nthawi ya Covid-19. Ine ndikuti mkwiyo wawo uli ndi maziko. Bwana amene akufuna kusintha moyo wa munthu ayenera kupereka chifukwa chogwirika, ndipo umboni umene ulipo sukuikira kumbuyo lamulo la masiku asanu.

Mu 2024 magazini ya sayansi ya Nature idasindikiza kafukufuku wa a Nicholas Bloom a ku yunivesite ya Stanford ndi anzawo, wochitikira pa kampani ya Trip.com ku China. Antchito 1,612 adagawidwa pawiri potengera masiku awo obadwa, kuti pasakhale kukondera. Gulu lina linkapita ku ofesi sabata yonse, lina linkagwirira kunyumba Lachitatu ndi Lachisanu. Pa zaka ziwiri zotsatira, magulu awiriwa sadasiyane pa kagwiridwe ka ntchito ngakhale pa kukwezedwa maudindo. Chimene chidasintha n'chakuti osiya ntchito adachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa ogwirira kunyumba, makamaka amayi ndi okhala kutali ndi ofesi. Ofufuza ena a ku yunivesite ya Pittsburgh, ataunika makampani akuluakulu a ku America omwe adalamula anthu kubwerera, adapeza kuti antchito adakhumudwa koma chuma cha makampaniwo sichidasinthe kwenikweni. Ngati phindu silikukwera ndipo anthu akuthawa, ndiye kuti lamuloli likupindulira yani?

Kwa wantchito, nkhaniyi ndi ya ndalama ndi nthawi. Taganizirani mayi amene adasamukira kunja kwa mzinda komwe lendi ndi yotsikirapo, atauzidwa kuti kubwera masiku ochepa n'kokwanira. Tsopano ayenera kudzuka kusanache, kulipira womusungira mwana mpaka madzulo, kugula mafuta kapena tikiti ya sitima tsiku lililonse, ndi kutaya maola pamsewu omwe palibe adzamulipire. Akafika ku ofesi avala zomvera m'makutu n'kuyamba msonkhano wa pa Zoom ndi anzake a m'mizinda ina, ntchito yomweyo imene akadaigwira ali pathebulo la kunyumba. Malipiro ake papepala sadasinthe, koma zotsala m'thumba zachepa. Kumeneku n'kudula malipiro mwakabisira. Ndipo pamene Amazon idachedwetsa tsiku lobwerera m'mizinda monga Atlanta, Houston ndi New York chifukwa malo okhala antchito sadakwane, anthu adaona okha kuti lamulo lidatsogola, kukonzekera n'kutsalira m'mbuyo.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yamphamvu kwambiri ndi ya achinyamata. Ntchito imaphunziridwa poonerera, pofunsa mnzako wapafupi, pomva momwe wamkulu akuyankhulira ndi kasitomala wovuta. Kafukufuku wa a Natalia Emanuel, a Emma Harrington ndi a Amanda Pallais adaonetsa kuti olemba mapulogalamu a kompyuta okhala pafupi ndi anzawo amalandira malangizo ochuluka, makamaka ongoyamba kumene. Izi n'zoona, koma zikungotsimikiza kuti anthu azikumana, osati kuti azikumana tsiku lililonse. Masiku awiri kapena atatu ogwirizana, pamene gulu lonse lilipo ndipo akuluakulu apatula nthawi yophunzitsa, angathandize wachinyamata kuposa masiku asanu m'chipinda chimene aliyense wangoti ndwii pa kompyuta yake.

Ena amati si chilungamo kuti wa mu ofesi azikhala kunyumba pamene namwino, dalaivala ndi wonyamula katundu m'nyumba zosungiramo malonda alibe mwayi wotero. Kusiyanaku kulipodi, koma kuvutitsa kalaliki sikuwonjezera kalikonse pa malipiro a namwino. Wogwira ntchito yofuna kuti munthu akhalepo apatsidwe malipiro abwino ndi mashifiti omuganizira, ndiye chilungamo chake. Enanso amati wolipira ndiye mwini mawu. Ufuluwo ali nawo, koma momwe ena akuugwiritsira ntchito ndi mokayikitsa. Mu Novembala 2024, a Elon Musk ndi a Vivek Ramaswamy, omwe panthawiyo anali alangizi a Trump, adalemba mu nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti kukakamiza antchito a boma kubwera masiku asanu kudzachititsa ambiri kusiya okha, ndipo awiriwo adati adzakondwera nazo. Wantchito akawerenga zotere, n'kovuta kumuuzanso kuti cholinga ndi umodzi pa ntchito. Amaona njira yochotsera anthu popanda kuwapatsa ndalama zowachotsera. Komanso oyamba kuchoka sakhala aulesi ayi, amakhala aluso amene makampani ena akuwadikirira.

Njira yabwino ilipo kale. Ku Britain, kuyambira mu Epulo 2024, wantchito ali ndi ufulu wopempha kusintha malo kapena maola ogwirira ntchito kuyambira tsiku loyamba, ndipo bwana sangakane asanakambirane naye komanso popanda chifukwa chovomerezeka chokhudza bizinesi. Mabwana kulikonse atengerepo phunziro: anene ntchito imene ikufunadi kuti anthu akhale pamodzi, agwirizane ndi gulu lililonse za masiku ake, ndipo aziyeza munthu ndi zimene watulutsa. Kuwerenga amene walowa pachipata n'kosavuta, koma utsogoleri weniweni ndi kudziwa amene akugwira bwino ntchito. Bwana amene sangadziwe zimenezi pokhapokha ataona munthu pa desiki ali ndi vuto limene lamulo lobwerera ku ofesi silingalithetse.